Ndani adzapaka unga ku Embassy Park?

Sukulu zitatsegulidwanso m'caka ca 2021, patapita milungu ingapo a Kenneth Kaunda ataikidwa m'manda, ndinauza ana anga a Giredi 11 kuti aliyense alembe ndakatulo yowalira. Ndinapita nawo kunyumba mabuku awo n'kukhala nawo pansi usiku. Nditawerenga khumi oyamba ndinayamba kuganiza kuti mwina anakoperana. Sanakoperane. M'ndakatulo iliyonse munali mtengo waukulu umene wagwa, dzuwa limene lalowa masana, nyenyezi imene yazima, ndi mtundu umene watsala wamasiye. Mukanacotsa dzina la Kaunda n'kuikapo la Sata kapena la Mwanawasa, palibe mzere ndi umodzi womwe umene ukanafunika kusintha.

Anawo sindiwaimba mlandu, analemba zimene makutu awo anazolowera. Ndakatulo za mtundu womwewo ndimaziona pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp nthawi iliyonse munthu wochuka akatisiya, ndipo zina zimalembedwa ndi anthu aluso, amene pa nkhani ya cikondi kapena ya njala amalemba zogwira mtima. Koma akafika pa bokosi lokutidwa ndi mbendera, luso lija limathawa. Ife a m'komboni mwezi sutha tisanakhalepo pa nyumba ya maliro. Kulira timakudziwa. Nanga n'cifukwa ciani polira munthu wamkulu timasowa mau athuathu? Ine ndiona kuti ndakatulo zathu zaphunzira kulira pa maliro a boma m'malo mophunzira pa maliro a kwathu, ndipo maliro awiriwa sakamba cinenero cimodzi.

Tiyeni tiyambe ndi amene tiwadziwa. Munthu akamwalira ku Mtendere kapena ku Chawama, mipando imatulutsidwa panja, azimai amakhala pansi m'nyumba, amuna amazungulira moto kunja, kwaya imaimba usiku wonse, buku la zopereka likuyenda. Tsiku loika, thupi limacoka ku mochale kupita ku chalichi, bokosi limatsegulidwa, ndipo timafola kukaona nkhope, cimene ambiri a ife tingoti body viewing. Kucoka apo ndi ulendo wa ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Pa masiku atatu kapena anai amenewa, mukachera khutu, mumamva mau a mitundu itatu.

Oyamba ndi a wolira. Mverani bwino mai wamasiye kapena mlongo wa malemu akamalira. Sakamba za dzuwa ndi nyenyezi. Amafunsa kuti ndalama za sukulu za mwana wa Giredi 9 adzalipira ndani, amakumbutsa malemu kuti analonjeza kukhoma malata mvula isanabwere, amamufunsa kuti bwanji sanakambe kuti mutu unali kumuwawa kwambiri. M'kulira kwake muli maina, masiku ndi zinthu zogwirika. Aciwiri ndi a mbiri ya malemu, imene wacibale wina amawerenga papepala: anabadwa caka cakuti, anaphunzira pakuti, anagwira nchito kwakuti, wasiya ana angati. Mau amenewa ndi aulemu, osalala, ndipo tonse timadziwa kuti zina adumpha.

Acitatu ndi a mbuya. Akamwalira wa kum'mawa, yembekezerani Abemba. Akamwalira Mbemba, Angoni, Acewa ndi Ansenga ali kale pakhomo. Atonga ndi Alozi nawo ali ndi cimbuya cawo. Mbuya amabwera ndi unga kapena paudala, amapaka anamfedwa kumaso ndi kuwalipiritsa, ndipo ndalamazo zimathandiza pa maliro pomwepo. Amaseka malemu pamaso pa ana ake: akuti wathawa ngongole ya pa kantemba, akuti mbewa zipumeko popeza wozidya wapita, akuti kumene wapitako asakayambe mikangano yake ya pa mowa. Anthu amaseka misozi ili m'masaya. Kumudzi kwa Acewa nchito yofanana nayo ili ndi adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula thupi, ndipo palibe amene amawatseka pakamwa. Mbuya ndiye yekha wololedwa kukamba zimene mbiri yadumpha. Popanda iye, amene taika m'manda ndi munthu wa papepala, woti ngakhale mkazi wake sangamuzindikire.

Maliro a boma ndinawaona ndi maso anga mu November 2014. A Michael Sata anamwalira ku London pa 28 October, patangopita masiku anai dziko litakondwerera zaka 50 za ufulu, ndipo thupi lawo linagonekedwa ku Mulungushi International Conference Centre kuti anthu akaone. Panthawiyo ndinali ndikali wophunzira, ndipo ndinafola pamodzi ndi anzanga kuyambira m'mawa. Pa mzerewo panali azimai ogulitsa pa msika wa Soweto, makondakitala a mabasi, anamwino ali m'yunifomu, agogo oyenda ndi ndodo. Pa mzerepo a Sata anali amoyo. Wina anali kutengera mmene anali kudzudzulira nduna zawo pagulu, wina anakumbutsa za lonjezo la masiku 90 uku akugwedeza thumba lake lopanda kanthu, mnzake n'kumuyankha kuti koma misewu anakonza. Tinali kukangana, kuseka, kugawana madzi. Titangolowa m'holo, zonse zinatha. Asilikali, maluwa, nyimbo yapansipansi, masekondi ocepa pa bokosi, dzanja la msilikali likukuuza kuti pita. Ndinaona nkhope ya munthu amene dziko lonse linamucha King Cobra cifukwa ca lilime lake, ili cete. Potuluka palibe amene anapitiriza nkhani ija.

Sindikamba kuti mwambo umenewu ndi wacabecabe. Kuona nkhope kumatseka pakamwa pa mphekesera, ndipo kumene boma limakonda kubisa matenda a atsogoleri, anthu ali ndi ufulu woona okha kuti zoonadi wapita. Kumapatsanso munthu wamba mwai woima pafupi ndi pulezidenti amene ali moyo anali kungomuona pa TV kapena m'galimoto yothamanga. Tisaiwalenso kuti Zambia inataya atsogoleri awiri ali pampando m'zaka zisanu ndi cimodzi cabe, a Levy Mwanawasa mu 2008 ndi a Sata mu 2014, ndipo ulendo uliwonse tinalira, tinaika, tinapita kukavota, dziko silinapasuke. Thupi la a Mwanawasa, amene anamwalira ku France pa 19 August 2008, linazungulira malikulu a zigawo zisanu ndi zinai za panthawiyo lisanaikidwe pa 3 September, tsiku limene akanakwanitsa zaka 60. Wa ku Mongu ndi wa ku Mansa analira maliro amodzi. Zimenezo si zazing'ono.

Koma tidziwe kumene mwambowu unacokera, cifukwa ena amaukamba ngati ndi wa makolo. Makolo athu sanali kuonetsa thupi la mfumu yaikulu kwa aliyense. Kwa Abemba, thupi la Chitimukulu limasungidwa ndi anthu osankhidwa kwa nthawi yofika caka lisanatengedwe kupita ku Mwalule, kumene kuli manda a mafumu, ndipo si malo amene munthu amangopitako. Kugoneka thupi m'holo kuti khamu lidutsepo, mbendera pa bokosi, asilikali oguba pang'onopang'ono, kuomba mizinga, zonsezi tinatengera kwa Angelezi, amene anagoneka Winston Churchill mu 1965 ndi Mfumukazi Elizabeth mu 2022 ku Westminster Hall kuti anthu akaone. Kubwereka si mlandu, ngakhale bokosi ndi nkhata za maluwa za ku Chingwere n'zobwereka. Kusiyana kwake n'kwakuti m'komboni tinabwereka bokosi n'kusunga mbuya. Boma linabwereka zonse, ndipo pa pulogalamu yake palibe mzere wa mbuya. Wolira weniweni nayenso samveka, popeza ngakhale mau a mai wamasiye amafika kwa ife atalembedwa papepala, kawirikawiri akuwerengedwa ndi munthu wina. Catsala ndi mbiri yokha, yopukutidwa mpaka kunyezimira. Ndiyo imene ana anga a sukulu anaisandutsa ndakatulo.

Onani zimene mbiri yotere imadumpha. A Kaunda anamwalira pa 17 June 2021 ku cipatala ca Maina Soko ali ndi zaka 97. Boma linalengeza masiku 21 olira, ndipo cifukwa ca Covid bokosi lawo linazungulira zigawo lili lotseka. Zimene tinamva pa wailesi ndi pa TV zinali za ufulu wa 1964, za University of Zambia, za njanji ya TAZARA, za mmene Lusaka inasungira ANC ndi omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe. Zonsezo n'zoona. Koma funsani agogo anu za mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi unga m'zaka za m'ma 1980, za makuponi a unga, za zipolowe za June 1990 pamene mtengo wa unga unakwera ndipo anthu anafa m'misewu ya Lusaka. Funsani za dziko la cipani cimodzi kuyambira 1972 kufikira 1990, ndi za Simon Mwansa Kapwepwe, bwenzi lawo la paubwana ku Chinsali, amene anatsekeredwa mu 1972 atayambitsa cipani cakecake. Ndipo munthu yemweyo ndiye anavomera kugonja pa masankho a 1991 n'kutuluka mu State House mwamtendere, panthawi imene atsogoleri ambiri a mu Africa sanali kucita zimenezo. Ndakatulo yoti inyamule zonsezi pamodzi ingakhale yaikulu kuposa mtengo uliwonse wakugwa.

Palinso cina cimene mbiri ya boma singakambe, ndico zimene bomalo linacitira malemu ali moyo. Pa Khirisimasi ya 1997 a Kaunda anamangidwa ndi boma la a Frederick Chiluba, ndipo mu 1999 khoti la ku Ndola linagamula kuti munthu amene analamulira dziko lino zaka 27 sanali nzika yake, cigamulo cimene cinasinthidwa pambuyo pake. A Chiluba nawo, Nyumba ya Malamulo inawacotsera citetezo mu 2002 a Mwanawasa atapempha, anayenda m'makhoti zaka zambiri pa milandu ya ndalama za boma, khoti la ku London linagamula mu 2007 kuti abweze ndalama, la ku Lusaka n'kuwamasula mu 2009. Lero atatuwa agona malo amodzi, ku Embassy Park, moyang'anana ndi Cabinet Office: womanga ndi womangidwa, woimba mlandu ndi woimbidwa. Mbuya ataima pamenepo angakhale ndi zokamba mpaka dzuwa kulowa. Ndakatulo zathu zimadutsapo zitaweramitsa mutu.

Amene simunafikeko ku Embassy Park, pitani mukawerenge manda aja monga muwerengera ndakatulo, popeza anamangidwa kuti akambe. A Mwanawasa anawamangira nyumba yooneka ngati mpando wacifumu wa miyendo inai, kutanthauza kuti anamwalira ali pampando. Ya a Chiluba ili ngati kachalichi kokhala ndi mtanda pamwamba, cifukwa ndiwo analengeza mu December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu. Ya a Sata anaifanizira ndi kacisi wa Solomo, ndipo muli Malamulo Khumi, amene iwo anati adzalamulira nawo dziko. Ganizo lakuti manda akambe za mwini wake ndi labwino, ndipo amisiri anagwira nchito yooneka. Koma onani kuti manda aliwonse akamba cinthu cimodzi cokha, ndipo cinthuco ndi cimene mwini wake akanakonda kuti cikambidwe. Mwala tingaukhululukire, sungathe kukamba ziwiri nthawi imodzi. Ndakatulo ingathe. Nanga tiilembera ciani ngati mwala?

Mwambo ukakhala wa mau a mbali imodzi, posacedwa pamabuka funso lakuti thupi ndi la ndani. Funsoli si lacilendo m'dziko lino. David Livingstone atafera m'dera la mfumu Chitambo mu 1873, anthu amene anali kuyenda naye, motsogoleredwa ndi Chuma ndi Susi, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo pomwepo, n'kunyamula thupi miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, ndipo Angelezi anakaliika ku Westminster Abbey mu 1874. Ine ndimaona ngati anthu aja anazindikira kuti munthu wamkulu ali ndi eni ake awiri, ndipo anagawa. Ife sitingagawe motero. A Kaunda atamwalira, mwana wawo Kaweche anapita kukhoti kukanena kuti atate ake anafuna kugona pafupi ndi amai Betty pa nyumba yawo. Mwambo sunaime, anaikidwa ku Embassy Park pa 7 July 2021. Nkhalamba imene inakhala ndi mkazi wake zaka 66 inagonekedwa pafupi ndi amene anaimanga. Ndi ndakatulo zingati zimene zinalira cimeneco?

Nkhani ya a Edgar Lungu inafika patali kuposa apo. Anamwalira ku Pretoria pa 5 June 2025. Banja linati iwo sanafune kuti a Hakainde Hichilema ayandikire thupi lawo, boma linati pulezidenti wakale ndi wa dziko lonse ndipo malo ake ndi Embassy Park. Pa 25 June, tsiku limene banja linakonza zowaika ku Johannesburg, khoti la ku Pretoria linaimitsa mwambowo, ndipo pa 8 August linagamula mokomera boma la Zambia. Banja linacita apilo, miyezi n'kumapita thupi lili m'mochale m'dziko la eni. Anthu a ku Chawama, amene anawasankha kukhala phungu wawo mu 2011 za State House zisanamveke n'komwe, anakhala miyezi yonseyo akuyembekezera. Sindidzaweruza pano kuti wolakwa ndani, owerenga magazini ino ali mbali zonse ziwiri. Cimene ndiona n'cakuti m'komboni mkangano wotere umacitika kawirikawiri, acibale a mwamuna ndi a mkazi kulimbirana thupi, koma pamakhala anthu amene nchito yawo ndi kulowa pakati, kuseka mbali zonse ziwiri mpaka manyazi awagwire, n'kunyamula bokosi. Pa maliro a boma munthu wotero kulibe. Pali maloya cabe.

Umboni wakuti tingathe kulira anthu ochuka mwa njira ina uli pafupi ndi Matero. Kunja kwa Independence Stadium, pa Heroes' Acre, pagona anthu 30 amene anafa pa 27 April 1993 ndege ya asilikali itagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, 18 mwa iwo osewera a timu ya dziko. Nawonso anaikidwa ndi boma, ndi mbendera ndi asilikali. Koma mverani mmene amalume anu amawakumbukirira. Amakamba za manja a Efford Chabala pagolo, za Godfrey Chitalu ndi zigoli zake 107 za mu 1972, amatsutsana kuti wabwino koposa anali ndani, ndipo amafunsabe mokwiya kuti anyamata aja anakwezedwa bwanji ndege yotero. Cikondi, mkangano ndi mkwiyo zili pamodzi. N'cifukwa cake pamene Chipolopolo inatenga cikho ca Africa mu 2012 mumzinda womwewo wa Libreville, ngakhale ana obadwa pambuyo pa ngoziyo anadziwa amene anali kuwalirira. Wosewera mpira sitimuopa, conco timamukumbukira wathunthu. Wandale timamuopa ngakhale ali m'bokosi, kapena tinene kuti timaopa amene aima pambali pa bokosilo.

Ndidziwa cimene ena a inu mukamba: wakufa sanenedwa zoipa, ndiwo mwambo wathu. Ndipo mwaonapo, monga ine, zimene ena amacita pa intaneti munthu wandale akamwalira, kutukwana, kuvina, kuika zithunzi zonyoza thupi lisanazizire. Ngati ndico cimene ndikupempha, ndiye kuti ndalakwa. Koma cimbuya si kutukwana. Mbuya amaseka malemu ali pa nyumba ya maliro, atagona panja usiku wonse, atasonkha ndalama, atagwira fosholo. Ufulu wake wokamba anaugula ndi kukhalapo kwake. Amadziwanso kuti tsiku lake likadzafika, anamfedwa a lero adzabwera ndi unga pakhomo pake, pakuti maliro n'kulirana. Wotukwana pa Facebook palibe cimene wasonkha, ndipo wotamanda pa pulatifomu palibe cimene wataya. Onse awiri akamba za munthu amene sanamuyang'ane bwino.

Pa mabuku aja a Giredi 11 panali limodzi losiyana. Mtsikana wina wa ku Kanyama, amene m'kalasi sakambakamba, sanalembe za mtengo. Analemba za agogo ake aakazi, amene anaphunzira unamwino osalipira kanthu m'nthawi ya UNIP, ndipo m'nthawi ya UNIP yomweyo anali kudzuka tambala asanalire kukafola unga mwana ali kumbuyo. Tsiku limene wailesi inalengeza za imfa, agogowo anali kusankha nyemba pakhonde. Anaika licero pansi, analira kwa kanthawi, ndiyeno anati: "Apite bwino, koma akafika kumeneko akafole nawonso." N'kutola licero kupitiriza kusankha. Ndakatuloyo inathera pomwepo. Mizere ina inali yotsimphina, mau ena analembedwa molakwika, koma ndiyo yokha imene munali Kaunda, ndipo ndiyo yokha imene inandigwetsa misozi. Tsiku lobweza mabuku, mtsikanayo anatsala pambuyo n'kundifunsa motsitsa mau: "Ba ticha, sinalakwe? Sinawanyoze?" Ndinamuuza kuti mwa onse m'kalasimo, ndiye yekha amene anafika pa maliro.

Cimene mwanayo anacita aliyense angaciphunzire. Anasankha malo amodzi oimapo, khonde la agogo ake, m'malo moyesa kulirira dziko lonse. Anagwiritsa nchito zinthu zogwirika: licero, nyemba, mzere wa unga. Analola ciyamiko ndi dandaulo kutuluka m'kamwa imodzi popanda kusankha wopambana. Ndipo nthabwala ya agogo ija sinacepetse cisoni, inacikulitsa, cifukwa munthu amene sitinamuwerengere sitimuseka motero. Conco musanatumize ndakatulo yanu yolira munthu wochuka, kaya ndi pulezidenti, woimba, bishopu kapena mfumu, iyeseni motere: cotsani dzina la malemu muikepo la wina. Ngati ikhalabe yoona, simunalire munthu, mwalira mpando.

Yang'ananinso cinenero cimene mwalembamo. Zokamba za pa maliro a boma pafupifupi zonse zimakhala m'Cizungu, ndipo zambiri za ndakatulo zathu za Cinyanja zimamveka ngati zokamba zomwezo zitavala citenge. Mzere wa panja pa Mulungushi sunali kukamba motero. Unali kukamba Cinyanja ca m'basi cosakaniza ndi Cibemba, cacidule, cakuthwa, coseketsa, ndipo munali cisoni ceniceni. Cinenero cimeneco tili naco kale, timacikamba tsiku lililonse, koma tikagwira colembera timacita naco manyazi ngati kuti si coyenera kufika pa maliro a munthu wamkulu.

Maliro a boma adzabweranso, ndipo pulogalamu idzakhala yomweyo. Sindiyembekezera kuti Cabinet Office idzaika mbuya pakati pa bishopu ndi mkulu wa asilikali, ndipo mwina siyeneradi kutero, boma lili ndi nchito yake yosunga dziko pamodzi masiku a cisoni. Nchito ya mbuya yatsalira ife olemba. Tikaikana, ana athu adzalandira mbiri ya anthu opanda cilema, ndipo mwana amene waphunzitsidwa kuti atsogoleri onse akufa anali angwiro sadzadziwa cofunsa kwa amoyo. Tsiku limenelo mukafole, mukaone nkhope, mukapereke ulemu wonse umene malemu ayenera. Koma polemba mubwerere pa mzere wa panja, pamene anthu akali kukamba, ndipo musaiwale kunyamula unga.